Mawu Amene Ndinagwetsa pa Maliro a ku Dambwa

Munthu wamkulu akamalankhula pa bwalo la mabanja sadulidwa pakamwa. Umamusiya atsetsereke yekha mpaka pansi, apume, ameze malovu, kenako iwe womasulira utole zonse wanenazo, uzipereke kwa a mbali inayo osataya ngakhale chimodzi. Ntchito imeneyi ndinaiyamba muno mu Dambwa mwana wanga woyamba ali kumsana. Ndinaisiya tsitsi lonse litayera, nditadziwa kuti m'mawu amene ndinagwetsa tsiku lina munali mwana wa munthu.

Zilankhulo zanga zitatu sindinazifune, zinandipeza. Atate anali Mchewa wa ku Chadiza amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Amayi anali Mlozi, ankabwera kudzagulitsa nsomba zouma, ndipo ulendo wina sanabwererenso kwawo. Mwamuna wanga, malemu, anali Mtonga wa cha ku Kalomo. Sukulu sindinaiponde, pa pepala ndimadinda chala, ndipo izi ndikunena pakamwa wina akulemba. Koma mnyamata wa Chilozi akafuna mtsikana wa kum'mawa, kapena Mtonga akamwalira m'nyumba ya Mngoni, akuluakulu ochokera kumidzi ankafika muno osamvana ngakhale moni. Ana obadwira m'tauni amamva zonse, inde, koma nkhani za ukwati ndi za maliro sizipatsidwa kwa ana. Ndiye ankatuma munthu kwa ine.

Ndinkakhala pa mkeka pakati pa mabanja awiriwo, manja nditabisa m'chitenje. Mkulu akanena mfundo, ine pindu chala chimodzi. Akanena ina, pindu china. Akamaliza ndinkangotambasula chala chilichonse, mawu ake n'kutuluka monga analowera, ndi chifuwa chake chomwe ngati anatsokomola pamenepo. Ndinkatha kudzaza dzanja limodzi n'kuyamba linalo, mwana akuyamwa, wina akundikoka khutu, agalu akulumana kuseri kwa nyumba. Zonsezo zinkangodutsa kunja. Nthawi imeneyo sindinkadziwa n'komwe kuti ndi ntchito. Ndinkabwerera kunyumba n'kukachapa.

Anthu amaganiza kuti nkhalamba imaiwala zakale. Ayi. Ndifunseni za nyumba ya njanji imene ndinabadwiramo, ndikuuzani mbali imene chitseko chinkakhuza pansi. Ndifunseni amene anaba mbuzi ya pa chinkhoswe cha mkulu wanga, ndikuuzani ndi malaya amene anavala. Zimenezo zili phee, palibe wozigwedeza. Zimene zinayamba kundithawa ndi zapompano, mawu amene munthu wangonena pakamwa pake pasanaume. Ndimawagwira ndithu, ndimawamva ali m'manja, koma ndikangocheuka kuti ndione walowa pageti ndani, ndikabwerera palibe.

Kale m'mutu mwanga munali ngati muli kondakitala wa minibasi woima pakhomo, wouza anthu kuti yadzaza, dikirani ina. Lero kondakitalayo anatsika. Wailesi ya kwa aneba imakwera, mwana wolira amakwera, wogulitsa makala wofuula mu msewu amakwera, ndipo amene anakwera poyamba amakankhidwira kunja pa zenera. Komanso musaganize kuti mutu wa nkhalamba umagona. Wanga unayamba kugwira ntchito kuposa kale. Ndinkamva kutentha pamphumi ndi kuseri kwa makutu, thukuta kutsika m'khosi, mutu wonse kukoka pamodzi ngati minibasi yakale pa chitunda, injini kubangula, utsi bii, koma oyenda pansi akuipitirira. Mfundo zitatu zinkanditopetsa monga zisanu ndi zitatu sizinanditopetsepo.

Koyamba kugwetsa mawu pagulu kunali ku tchalitchi. Kunabwera mlaliki mlendo wa Chilozi, wa mpweya wautali, ndipo anandiimika pambali pake. Ananena, ananena, ine ndikupinda zala. Pofika potambasula, chala chapakati chinali chopinda koma mulibe kanthu. Ndinaona maso a anthu onse ali pa ine. Pakamwa panga sipanadikire kuti ndiganize, panayamba pokha. Ndinaikapo nkhani ya mayi amene anasesa bwalo la eni n'kusiya lake, ndinaikometsa, ndinaipatsa ndi mawu a apongozi ake. Ameni amene anatuluka pamenepo mlalikiyo sanamulandirepo tsiku lonse. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti sanamasuliridwepo ndi moto wotere.

Ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha mu msewu. Apo ndi pamene ndinalakwira, osati pa maliro paja. Ndinaphunzira kuti dzenje ndikhoza kuliphimba ndi nkhani, ndipo palibe aone.

Tsiku lokatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndinamuuza namwino wa ku kiliniki. Anali akumanga lamba uja pa mkono wanga, maso ali pa makina.

"Ambuya, ni ukalamba chabe," anatero. "Vakudala visala, vamanje ndiye viterereka. Muziuza bantu bazikamba pang'onopang'ono, chimodzi chimodzi. Na kuzima wailesi."

"Iwe mwana, munthu wamkulu pa maliro ndingamuuze kuti chimodzi chimodzi ngati akuwerenga mazira?"

"Nanga muzachita bwanji? Kapena mupumuleko."

Kupumula sindinkafuna kumva. Nthawi imeneyo kunali kutatuluka mayi wina wa ku Nottie Broadie, mphunzitsi wopuma ntchito, wodziwa Chilozi ndi Chinyanja, amene ankabwera pa milandu ndi kope ndi cholembera. Mabanja awiri anali atamuitana kale iye m'malo mwa ine. Chilozi chake chinali chouma ngati chimanga cha chaka chatha, koma ankalemba.

Kuseri kwa mpanda wanga kunkakhala mnyamata wa Chilozi, dalaivala wonyamula alendo kuchokera ku bwalo la ndege kupita nawo ku malo ogona a kumtsinje. Mkazi wake anakamutenga ku Katete. Ndikukumbuka tsiku limene anafika naye, mtsikana wowonda, chitenje chobiriwira cha nkhanga, chikwama cha pulasitiki chong'ambika chogwirira. Nkhani ya kufika kwakeyo ndinkakonda kumusimbira iye mwini, tikusankha nyemba, iye n'kumaseka kuti ambuya inu simuiwala kanthu. Ankagulitsa tomato ndi kapenta pa tebulo la pageti. Chilozi ankadziwa moni ndi zikomo basi, pakuti mwamuna wake m'nyumba ankalankhula Chinyanja cha m'tauni. Anali ndi ana awiri aakazi, wamkulu wa zaka zisanu ndi zinayi, wamng'ono wakumsana.

Mnyamatayo anadwala masabata atatu n'kumwalira m'mwezi wotentha uja mvula isanagwe. Abale ake anabwera kuchokera kumidzi ya kupitirira Senanga. Amene ankatsogolera anali amalume ake, nkhalamba yaitali yoyenda ndi ndodo, ndipo panali mlongo wake wa malemuyo, mayi wamkulu wosabereka amene anamulera amayi awo atamwalira. Kuchokera ku Katete kunabwera amayi ake a mkaziyo okha, miyendo itatupa ndi masiku awiri a m'basi.

Titachoka kumanda, wamasiyeyo anandiitanitsa m'chipinda chimene anamukhazika.

"Ambuya, mawa akuti kuli kukamba. Ine sindimva kanthu, amayi samva kanthu. Makutu athu ndinu."

Ndikanatha kunena kuti mwanangu, makutu amenewa anabooka, itanani mphunzitsi uja. Mawuwo anafika mpaka pa lilime. Ndinati, "Usade nkhawa, ndilipo."

Tinakhala m'mawa pansi pa mtengo wa mango. Anyamata a ku tchalitchi anali akugwetsa tenti, zitsulo zikugundana. Kutsidya kwa msewu wowotcherera mageti anali atayamba kale. Khanda linkalira chifukwa cha kutentha. Asuweni a malemuyo, anyamata ndi atsikana obadwira muno, anakhala kumbuyo pa njerwa. Pakati pa amayi a mpingo amene anatsala kutsuka mapoto ndinaona mphunzitsi uja, atakhala pa ndowa, kope lili m'chikwama.

Amalume aja anaomba m'manja mwa Chilozi, ife tinayankha, n'kuyamba. Anathokoza mkaziyo podwazika mwana wawo osatopa. Ndinapinda chala. Anasimba ulendo wautali, wa mmene anamvera uthenga, wa bwato ndi basi, kenako ananena kuti pa imfa iyi sakuloza munthu chala, ndi matenda. Ndinapinda chachiwiri. Nyumba ndi katundu zikhale ndi mkaziyo, iwo atenga zovala zokha za malemuyo kuti akagawane kumudzi. Chachitatu. Apa thukuta linali litayamba, ndipo ndinali ndikubwereza zitatuzo chamumtima kuti zisathawe, kwinaku ndikumvera. Ananena chachinayi. Ndinachimva, ndinachimvetsa, ndinapinda chala. Ali mkati mwa chachisanu, choti nthawi ya kulira ikatha mkaziyo adzamasulidwa, ndege inadutsa pamwamba pathu ikutsikira ku bwalo. Tonse timaidziwa, imadutsa tsiku lililonse. Koma ndinakweza mutu, ndipo ndinaganiza kuti alendo ali m'menemo akawanyamula ndani lero.

Nkhalamba ija inamaliza n'kundiyang'ana.

Choyamba chinatuluka bwino. Chachiwiri amayi a ku Katete anapuma mpweya waukulu. Chachitatu wamasiyeyo anagwetsa misozi, pakuti onse tinkaopa kuti nyumba ipita. Ndinatambasula chachinayi. Munalibe kanthu. Munangotsala kafungo, koti zinali zokhudza ana.

Mwambo sukaniza womasulira kuomba m'manja n'kunena kuti atate, bwerezani pamenepo. Ndinaonapo ena akuchita. Ine ndinali ndisanachitepo chiyambire, ndipo anthu ankandidziwa ndi chimenecho. Ndinaona mphunzitsi uja ataleka kupukuta mbale, akuyang'ana kuno. Pakamwa panga panayamba.

"Akuti ana awa ndi a tonse. Magazi ndi awo, mkaka ndi wanu. Akuti tizigwirana manja powalera, asadzaiwale kwawo kwa atate awo."

Anali mawu okoma. Amayi a ku Katete anagwedeza mutu. Ndinamaliza ndi chachisanu, iwo anagwada n'kuomba m'manja.

"Auzeni kuti zonse anenazo tavomera. Sitinayembekezere ulemu wotere."

Amenewo ndinawapereka m'Chilozi osasintha kanthu. Mlongo wa malemuyo anaphimba nkhope n'kulira, ine ndinayesa akulira mlongo wake. Asuweni aja kumbuyo maso anali pa mafoni. Madzulo alendo asananyamuke, mlongo wa malemu uja anabwera kwanga ndi chitenje chatsopano ndi nsomba zouma zinayi zomanga ndi luzi. Anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti ndaifewetsa nkhani yolimba. Ndinalandira. Sindinafunse kuti yolimba iti.

Miyezi iwiri inapita. Chala chija chinkandibwerera ndikutunga madzi, ndikusenda anyezi. Ndinkachifinya, osatuluka kanthu. Msuweni mmodzi wa malemuyo ankagwira ntchito yophikira alendo, ndipo ankadutsa pakhomo panga kawirikawiri popita kokwera minibasi. Kumufunsa kuti amalume ako ananena chiyani za ana kunali kwa mpweya umodzi. Koma kufunsako kunali kuulula. Ndinkadziuza kuti mwina zinali zomwezo ndinanenazo, pakuti pa maliro akuluakulu amanena zofanana. M'mawa uliwonse mwana wamkulu uja ankadutsa ndi yunifolomu yake, n'kupinda bondo pang'ono.

"Mwauka bwanji, ambuya?"

"Ndauka, mayi. Thamanga, belu lilira."

Sukulu zitatseka, mvula itayamba, mlongo wa malemuyo anafika ndi msuweni wophika uja. Ndinali ndikuzula udzu pa bwalo pamene ndinamva mawu akukwera kuseri kwa mpanda. Kenako wamasiyeyo analowa pageti langa wopanda nsapato, khanda likulendewera kumbali.

"Ambuya, bwerani mumve. Akuti abwera kudzatenga mwana. Akuti tinavomera."

Ndinapita. Mayi wa Chilozi uja anali atakhala pa mpando pakhonde, pa miyendo pake pali diresi latsopano la mwana ndi nsapato za pulasitiki. Anandiona n'kumwetulira, nati ndabwera monga tinapangana, sukulu zatseka. Asanamalize, mawu aja anabwera onse, ndi mawu a nkhalamba ija, ndi pamene inagogoda ndodo pansi. Mwana wamkulu, sukulu zikatseka, apite kwa atate ake aakazi, mayi wa pakhondeyu, akakulire kwa abale a atate ake, pakuti malemuyo anamulonjeza mlongo wake ali moyo. Anali m'mutu mwanga momwemo miyezi yonseyi. Anatuluka pa tsiku limene analibenso ntchito.

Ndinakhala pansi pa simenti yonyowa.

"Ananenadi," ndinatero m'Chinyanja. "Ananena, ine ndinagwetsa. Ndege itadutsa ndinapeza palibe, ndiye ndinaikapo anga."

Wamasiyeyo anatembenukira kwa ine.

"Munaiwala."

"Ndinaiwala, mwanangu."

"Inu? Inu amene mumandiuza chitenje chimene ndinavala tsiku ndinafika kuno? Cha nkhanga, chobiriwira, chikwama chong'ambika. Zaka khumi zapitazo. Zimenezo simuiwala, koma mwana wanga munamuiwala pakati pa mawu ndi mawu?"

"Ndi mmene zilili. Zakale zili, zatsopano..."

"Nsomba zija zinali zokoma?"

Analoza ku nyumba kwanga.

"Ndinaziona zikulowa kwanu. Ndi chitenje. Amayi anu anali a kwawo komweko, si choncho? Ine ndinayesa ndinu wathu."

Ndinatembenukira kwa msuweni uja, amene anali ataima potsamira khoma.

"Iwe unalipo. Unamva zonse ziwiri. Unakhaliranji chete?"

"Ambuya, ise tinamvela," anatero akukanda m'mutu. "Manje tinaona monga mwafewesa chabe pa bantu, muzakamba nabo pambali. Na imwe muziba, ise bana tingakukonzeni imwe pamaso pa bamalume? Banganene ati tilibe ulemu."

"Nanga miyezi iwiri yonseyi, ukudutsa apa?"

"Nenze kuona ati vinasila."

Mwina ankanena zoona. Mwina chete wawo unkawakomera. Mpaka lero sindidziwa, ndipo kudziwako sikungandichotsere kanthu.

Ndinamufotokozera mayi wa Chilozi uja zonse m'chilankhulo chake. Nkhope yake inauma, diresi lija analipinda kawiri. Anati nkhani iyi si yake yekha, aimbire amalume. Msuweniyo anaimba, anakweza mawu a foni n'kuiika pa mpando pakati pathu. Ine ndinagwada pamaso pa foni, n'kuomba m'manja monga amayi anandiphunzitsira, kuti nkhalambayo imve kuombako. Ndinati atate, cholakwa ndi changa. Mawu anu achinayi sanafike. Anthu awa anavomera chimene sanamve.

Pa foni panamveka tambala akulira kumudzi kwawoko.

"Mayi," anatero amalume aja, "munakhala pa mkeka uja mutaitanidwa ndi ndani? Ndi ife?"

"Ndi iwo."

"Ndiye munali pakamwa pawo ndi makutu awo. Ife tinalankhula masana, anthu akumva, manja anaombedwa. Lero mukuti munaiwala. Ine ndinamva mbiri yanu ndisanafike kumeneko, kuti simugwetsa mawu. Kapena akupanikizani kuti musinthe?"

Mwaona. Uku ndinagulidwa ndi nsomba, uku ndapanikizidwa. Zoona zenizenizo, zoti mutu wa nkhalamba unaterereka, panalibe wozifuna, chifukwa ine mwini ndinatha zaka ndikuonetsa anthu kuti sizingachitike.

Anayamba kulankhula mwa mpweya wake wautali uja. Ndinamva kutentha kukukwera pamphumi. Ndinaomba m'manja pakati pa mawu ake.

"Atate, ndikhululukireni. Nenani chimodzi, ndipereke, kenako china."

"Chabwino," anatero.

Basi. Sanakwiye, sanadabwe. Ananena chimodzi n'kudikira ngati munthu wodikira kuti ng'ombe imwe. Ndinapereka. Ananena china. Palibe chimene chinagwa. Chinthu chimene ndinachiopa pansi pa mango paja chinali chopepuka chomwecho.

Koma zimene ndinapereka bwinozo zinali izi. Mawu a tsiku lija anamangidwa mtolo umodzi. Ngati mkaziyo amasula chingwe kuti achotsepo za mwana, ndiye zonse zamasuka. Za nyumba zikambidwenso, pakuti malowo malemuyo anawapeza ndi ng'ombe za kwawo. Zoti imfa inali ya matenda zikambidwenso, pakuti alipo kumudzi amene anali ndi mafunso ndipo iye anawatseka pakamwa. Iye sakuopseza munthu, akungonena mmene mtolo umakhalira. Mwanayo sakupita kwa alendo, akaphunzira, ndipo pa tchuthi chachikulu azibwera.

Msuweni uja ananong'ona kuti kuli maofesi oona za amasiye, akhoza kupita. Wamasiyeyo anamuyang'ana.

"Ndipite, ndiwine, kenako ndikhale muno ndi ndani? Azinena kuti ndinapha mwamuna? Uyu wakumsanayu ndikagone naye kuti pamene nkhani ili ku ofesi?"

Anasisita mwendo wa khanda. Mwana wamkuluyo anali m'nyumba, ndinkaona zala zake pa nsalu ya pakhomo.

"Auzeni kuti ndamva," anatero. Ndinapereka. Foni itazima wamasiyeyo anandiyang'ana. "Mwaona kuti mumatha, ambuya. Lero simunagwetse ngakhale limodzi."

Mwanayo ndi atate ake aakazi ananyamuka patapita masiku awiri, m'mawa, kukakwera basi ya kumadzulo. Ndinali pa bwalo langa. Mwanayo anavala diresi latsopano lija, linali lalitali kwa iye, kumsana chikwama cha kusukulu. Amayi ake anali patsogolo, osacheuka. Iye pofika pageti langa anapinda bondo.

"Mwauka bwanji, ambuya? Niyenda ku Senanga."

"Uyende bwino, mayi."

"Bakuti kuli mabwato."

"Aliko."

Nkhani inayenda mu Dambwa monse isanathe sabata. Kumsika ena ankati ndinagulitsa mwana ndi nsomba zinayi, ndipo mayi wina amene ndinamukhalira pa ukwati wa ana ake awiri anandifunsa pagulu ngati nsomba za bulimu zakwera mtengo. Ena ankati nkhalamba zoiwalaiwala zimadziwika zimene zimachita usiku. Amene anandikhulupirira ndiwo anandipweteka koposa. Anayamba kundilankhula mokuwa ngati ndine gonthi, n'kumandifunsa ngati ndikuwadziwa. Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kwake, anakhala pa bedi langa nati, amayi, zakwana, musadzapitenso. Ndinamuuza kuti usavutike, palibe adzanditumire munthu. Ndipo palibe anatuma. Tsopano amaitana mphunzitsi uja. Ndimamva kuti amaimitsa akuluakulu pakati pa mawu kuti alembe, ndipo iwo amaima.

Chitenje chija ndinachipereka ku tchalitchi. Nsomba zinali zitadyedwa kale.

Mphunzitsiyo ndinakumana naye tsiku lina pokwera minibasi. Anandipatsa malo pafupi ndi zenera, nati mwakachetechete, "Amayi, tsiku lija ndinamva kuti mwadumpha." Ndinamufunsa chimene anakhalira chete. Anati sanaitanidwe, ndipo akanalankhula anthu akanati akufuna kundilanda mkeka. Ndinatsika pa siteji isanakwane yanga n'kuyenda pansi.

Tchuthi chachikulu chinafika, mwana sanabwere, akuti madzi anadzaza njira. China chinafika, akuti atate ake aakazi akudwala, palibe womuperekeza. Tsopano papita zaka ziwiri. Amayi a mwanayo akadali kuseri kwa mpanda wanga, akugulitsabe tomato. Sandipatsa moni. Ndikadutsa pa tebulo lake amayang'ana sikelo. Wamng'ono uja akuyenda tsopano, ndipo akayandikira geti langa amamuitana.

Lamulungu lililonse masana amaimbirana. Mayiyo amakhala pakhonde, foni atakweza mawu chifukwa yake ndi yakale, ndipo mpanda wathu ndi wa udzu. Miyezi yoyamba mwanayo ankalankhula Chinyanja chokhachokha, akulira. Kenako mawu a Chilozi anayamba kulowa limodzi limodzi. Tsopano amayamba m'Chinyanja, akafika pokoma nkhani amatsetsereka osadziwa.

Lamulungu lapitali ankasimba za chinthu china mothamanga, akuseka. Ndinamva amayi ake akuti, "Ukuti chiyani? Lankhula bwino, mwanangu, sindikumva." Mwanayo anabwereza, m'Chilozi momwemo, anafunafuna liwu la Chinyanja osalipeza. Anali mawu ochepa, oti ngakhale mutu wangawu unawagwira. Ndinadzuka pa mpando, ndinayandikira mpanda.

"Akuti waphunzira kupalasa bwato yekha. Akuti anafika mpaka pakati."

Kuseriko ndinamva mpando ukukokedwa, mawu a foni akutsitsidwa, ndi chitseko chikutsekedwa.